Chingerezi cha m'Chipinda Chochapira

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito ku Woolwich, chipinda chochapira chili pansi penipeni, kotsika ndi masitepe, ndipo chimafunda ngati kwathu ku Balaka mwezi wa Okutobala. Ine ndi kuzizira kwa kuno sitinagwirizanepo. M'chipinda cha antchito Azungu amatsegula zenera ngakhale mu Januwale, ati pakufunika kamphepo. Kamphepo! Choncho buleki ikakwana anzanga ankathamangira tiyi, ine n'kutsikira kumakina kukaotha.

Kumeneko ndi kumene ndinapeza mayi amene ndikuwasowa mpaka lero. Anali a ku Ecuador, afupi, tsitsi lalitali la imvi apa ndi apo, ondiposa zaka zingapo. Asanabwere kuno anakhalitsa ku Spain, kumene Chisipanishi chawo chinkawakwanira. Chingerezi chawo chinkathera pa hello, thank you ndi sorry. Ntchito yawo sinkafuna mawu: kuchapa, kuumitsa, kusita, kupinda.

Bedishiti yaikulu munthu mmodzi saipinda bwino. Umagwira nsonga ziwiri, mnzako ziwiri, mumakoka, mumayandikizana mpaka manja akumane, kenaka wina amabwerera m'mbuyo. Tsiku loyamba anandiyang'ana nditaima pafupi ndi makina ngati nkhuku yonyowa, basi n'kundiponyera nsonga. Ndinawakha. Kuyambira pamenepo buleki yanga inali yopinda mabedishiti.

Tsiku lina ndinatsika mtima uli m'mwamba. Manijala anali atandidzudzula pamaso pa anthu chifukwa chochedwa, pomwe yochedwa inali basi yochokera ku Thamesmead kumene ndimakhala. Nditagwira nsonga zanga, Chichewa chinangotuluka chokha.

“Achemwali, anthu awa akundiyesa chiyani kodi? Ine kwathu ndinali mphunzitsi. Ndikalowa m'kalasi ana onse ankaimirira. Lero ndizikalipiridwa ngati ndaba nkhuku?”

Ndinayembekezera kuti angondiyang'ana. Ayi ndithu. Anapukusa mutu, n'kundiyankha m'Chisipanishi, chiyankho chachitali, dzanja likuloza kumwamba kumene kunali ofesi. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinati, “Eetu! Mwaonatu inunso.” Tinaseka mpaka bedishiti inagwa pansi, n'kuyenera kuchapidwanso.

Zinayamba choncho, ngati masewera. Koma ine ndinali ndi nkhani yondivuta imene ndinkasowa poitula. Mng'ono wanga anali atandiimbira foni kuti m'nyumba imene ndinamangitsa ku Balaka ndi msana wanga uno, wonyamula nkhalamba za eni, amuna anga alowetsamo mkazi wina. Mkaziyo ankaphika m'mapoto anga. Kutchalitchi ankapita atavala zitenje zimene ndinasiya m'sutikesi. Nanga ndikanauza ndani? Amalawi anzanga a kutchalitchi kuno ndimawakonda, ukadwala amabwera, koma nkhani ukainena ku Woolwich imafika ku Balaka iwe usanatsike basi ku Thamesmead. Lamulungu lililonse amayi a kwaya ankandifunsa, “Nanga abambo kunyumba?” Ine, mano onse panja, “Ali bwino, akupereka moni.”

Ndiye ndinauza achemwali a ku Ecuador. Ndinawauza zonse, m'Chichewa chakuya chimene sindikanayankhula ngakhale kwa abusa. Ndinkatukwana. Ndinkatchula mkaziyo mayina amene sindingalembe pano. Ndinkanenanso chimene chinkandichititsa manyazi kuposa zonse, chakuti bamboyo ndinkamusowabe, kuseka kwake, ndi mmene ankandidikirira pasiteji ya minibasi ndikamachokera kusukulu. Iwo ankamvetsera, maso ali pa ine, ndipo ndikamaliza ankayamba zawo. Nthawi zina ankayankhula motsitsa, nthawi zina maso ankafiira. Ine ndinkati akundivomereza, kapena akudandaula za makina amene ankadontha, kapena nthunzi yawalowa m'maso. Ndinkagwedeza mutu n'kumati, “Zoona achemwali, ndi mmene alili amuna.” Ndikamakwera masitepe kubwerera kwa okalamba anga, pachifuwa pankakhala popepuka. M'London yense malo anga opumira anali amenewo okha.

Patapita miyezi yambiri, tsiku lina anatulutsa kakope m'thumba la epuloni. Anayamba andionetsa manja awo, ong'ambikang'ambika ndi sopo ngati zidendene za m'chilimwe. Kenaka analoza kumwamba, kumene ife tinkagwira ntchito ndi anthu, n'kudziloza pachifuwa. Ndinamva. Atatopa ndi makina ankafuna ntchito yosamalira anthu. Anatola chovundikira pilo, n'kuchikweza m'mwamba.

“English?”

Koma abale, uphunzitsi ndi matenda. Zaka zonse zija ndisanagwire choko, ndinkaganiza kuti unandithera. Unadzuka tsiku lomwelo. “Pillowcase,” ndinatero. “Bwerezani!” Anabwereza. “Kachiwiri! Mokweza, sindinamve!” Mawa lake ndinabwera ndi mapepala ndi selotepi, n'kumata dzina pa chilichonse: pathawulo, pabasiketi, paayironi, pachitseko, ngakhale pamakina odontha aja. Ndinkawaphunzitsa mmene tinkachitira kwathu, mphunzitsi atchula, kalasi ibwereza, katatu katatu, ngakhale kalasi yanga inali ya munthu mmodzi wa imvi. Ankalemba mawu mmene akuwamvera, pambali pake n'kulemba Chisipanishi. Makope awo ndinkachonga ndi cholembera chofiira chimene ndinagula dala.

Ankakhala ku Plumstead, panjira yanga, choncho masiku amene mashifiti athu agwirizana tinkakwera basi imodzi. Sukulu inkapitirira m'basimo. Ndinkaloza panja, iwo n'kutchula: msika, banki, malo ometera tsitsi, mkazi wokankha ngolo ya mwana. Akalakwa ndinkawatsina pamkono. Ankandibwezera.

Mayina a zinthu anali osavuta. Chovuta chinali mayankhulidwe a eni dziko, amene ineyo ananditengera zaka ngakhale ndinabwera ndi Chingerezi cha m'mabuku. Ndinawauza kuti Mngerezi sanena chinthu poyera. Akafuna kukukaniza amayamba ndi kunena kuti akuchita mantha, “I'm afraid,” pomwe mantha alibe ngakhale pang'ono. Ukamufunsa mmene alili sanena kuti ali bwino, amati “not too bad,” kutanthauza kuti zinthu sizinaipe kwambiri, ngakhale atapambana mpikisano. Kusitolo sapita, amangoti “pop”, ngati chimanga chokazinga. Ndipo chilichonse kwa iye ndi “lovely”: tiyi lovely, nyengo lovely, gogo akamwa mankhwala lovely. Achemwali anaseka mpaka kutsokomola nditawaphunzitsa mmene timauzira nkhalamba kuti nthawi yosamba yakwana: “Shall we have a little wash?” Anafunsa ndi manja ngati tonse awiri tilowe m'bafa. Ndinati ayi, wosamba ndi gogoyo yekha, koma ukamuuza kuti kasambeni akutemera ndi ndodo.

Cholakwa changa chinali kudzitama. Tsiku lina ndinawafotokozera, ndi Chingerezi chophwanyaphwanya ndi manja, kuti kusukulu kwathu tinali ndi lamulo: wopezeka akuyankhula Chichewa pabwalo ankapatsidwa chikwakwa akatchetche udzu. Ndinati n'chifukwa chake ana a m'kalasi mwanga ankakhoza. Iwo anaganiza pang'ono, n'kuwomba m'manja.

“Good. Here also. No español, no Chichewa. English only.”

Ndinavomera mokondwa, poti linali lamulo langa lomwe. Walira mvula walira matope. Mawa lake ndinatsika ndili ndi nkhani yatsopano yondiwotcha, mng'ono wanga atanditumizira chithunzi cha mkazi uja ataima pakhonde langa, mimba ili patsogolo. Nditangoyamba kuti, “Achemwali, lero ndiye ndaona malodza,” anakweza chala.

“English, teacher.”

Nkhani yanga inathera pomwepo. M'Chingerezi akanamva. Ndipo ine ndinazindikira pomwepo kuti chimene ndinkawakondera poyamba n'chakuti sankamva. Ndinangoti m'Chingerezi palibe kanthu, kunja kukuzizira. Anandikonza katchulidwe ka liwu limene ndinawaphunzitsa ndekha, n'kuseka.

Chingerezi chawo chinkakula ngati bonongwe wa pachulu. Anayamba kupereka moni kwa anamwino, kuseka ndi wophika, kuyankha foni ya m'chipindamo. Anayambanso kundifunsa mafunso. Tsiku lina, manja athu atakumana pakati pa bedishiti, anati, “Your husband, he is good?” Ndinamva pakamwa panga pakuyankha ngati ndili pakhomo la tchalitchi: ali bwino, akupereka moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anabwerera m'mbuyo ndi nsonga zawo.

Ndinayamba kukwiya nawo popanda chifukwa. Cholembera chofiira chinkayenda mwankhanza. Akalakwa pang'ono ndinkati, “Asa! Ndinakuuzani kangati zimenezi?” Iwo ankaganiza kuti ndi khama la uphunzitsi, n'kumandithokoza. Ine ndinkadziwa kuti ndi nsanje ndi mantha. Ndinali nditamanga ndekha mlatho woti andichokere.

Ndiye linafika tsiku limene anabwera ndi pepala. Kuchipatala china ku Romford ankafuna othandiza anamwino m'mawodi. Anali atadzaza kale fomu, mawu onse m'malo mwake, anangofuna ndione. Anandifunsa, nkhope ili ngwee ngati mwana wa sitandade wani:

“Teacher, I am ready?”

Anali okonzeka. Ndinkadziwa bwino lomwe. Koma ndinayang'ana pepalalo, n'kukwinya nkhope ngati ndikuganiza mozama, ndipo ndinati ayi. Ndinati Chingerezi cha kuchipatala n'china, madokotala amathamanga poyankhula, akakusekani. Ndinati dikirani chaka chimodzi. Ndikulemba izi manyazi akundigwirabe. Iwo anapinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'thumba pamodzi ndi kakope kaja. Kenaka tinapinda mabedishiti otsala.

Linali Lachisanu. Lamulungu ndinaima mu kwaya, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka. Ndinkangoona manja ong'ambika aja. Ine amene ndinkalira kuti munthu wandilanda nyumba, ndinali kulanda mnzanga tsogolo kuti ndizikhala ndi poulula mavuto anga. Ndipo poululapo panali patatsekeka kale.

Lolemba ndinatsika ndi jekete yanga yakuda ya kutchalitchi, n'kuiponya pathebulo lositira. Ndinayankhula m'Chichewa dala, mofulumira: “Ndinakunamizani achemwali, ndine munthu woipa, mundikhululukire.” Chala chinakwera.

“English!”

“You are ready,” ndinatero. “Valani jekete iyi tione.”

Manja a jekete anali aatali, tinawapindira m'kati ndi mapini. Sabata yonse ndinkakhala kuseri kwa thebulo lositira ngati bwana wa intavyu, magalasi pamphuno, n'kumawafunsa: mungatani wodwala akakana kudya, mungatani akagwa, chifukwa chiyani mukufuna ntchito imeneyi. Ndinawaletsa kunena sorry asanalakwe. Ntchito anaipeza, n'kupezanso kachipinda ku Romford komweko, poti kuchokera ku Plumstead tsiku ndi tsiku kukanawapha.

Chichokereni taonana kawiri kokha. London ndi wotero, munthu ali tsidya la mtsinje koma ngati ali ku Chitipa. Iwo akapuma ine ndili pantchito, ine ndikapuma iwo ali pantchito. Timatumizirana mauthenga pafoni, aafupiafupi, a Chingerezi choyera. Kuchipinda chochapira anaikako bambo wina amene amavala zomvera nyimbo m'makutu ndipo mabedishiti amapinda yekha, mokhotakhota. Ndimatsikabe kukaotha, koma sindikhalitsa. Ndimawasowa achemwali anga, ndimawasowa kwambiri.

Tsiku limene anasamuka ndimalikumbuka lonse. Linali Loweruka masana. Ndinapita ku Plumstead kukawatsazika, n'kuwapeza ali ndi sutikesi imodzi ndi zikwama ziwiri. Anandikumbatira pakhomo, akuganiza kuti tathana pomwepo, monga amachitira kuno: bye, chitseko phaa. Ine ndinanyamula chikwama chachikulu. Kwathu munthu sumusiyira pakhomo, umamuperekeza, umamunyamulira katundu mpaka pamene mtima wako wakuuza kuti bwerera. Ndinati ndikusiyani pabasi. Basi itabwera ndinakwera nawo. Ku Woolwich ndinati ndikusiyani pageti la siteshoni. Ndinalowa. Ankangoti, “Go home, teacher, is far,” ine n'kumati kwathu timaperekeza. Tinasintha sitima ku Whitechapel. Mtima sunandiuze kuti ndibwerere mpaka tinatsika ku Romford.

Pamenepo panalibenso chonamizira. Ndinatula chikwama pafupi ndi benchi. Anthu otsika nafe anatha, tinatsala awiri. Ndinatambasula dzanja kuti nditsazike, koma iwo anandigwira pamkono n'kundikhazika pansi. Anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu ngati akusankha nyemba. Anati nthawi yonse ija pansi paja ndinkawauza chinthu choipa. Anati mawu sankawamva, koma nkhope ankaiona. Anati Chingerezi anachifuna chifukwa cha ntchito, inde, komanso ankafuna tsiku lina amve chimene ndinkanena.

“Now I have English. Tell me.”

Ndinayang'ana njanji. Nkhani imene inanditengera miyezi m'Chichewa, ndi matukwano ake, ndi misozi yake, m'Chingerezi inakwana mpweya umodzi. Ndinati amuna anga ali ndi mkazi wina m'nyumba mwanga, ndipo ali ndi mwana. Basi. Inamveka yaing'ono mpaka ndinachita manyazi. Anandifinya dzanja, n'kunena liwu limodzi la Chisipanishi limene sindinafunse tanthauzo lake, poti kamvekedwe kake kanandikwanira.

Kenaka ndinafunsa, mwaulemu chabe, ngati mmene umabwezera moni. Ndinati nanga inu, munkandiuza chiyani nthawi yonse ija, za makina odontha?

Anapukusa mutu.

“My son died. In Ecuador. I didn't go. I tell you every day.”

Mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, bambo wa zaka makumi atatu, anagundidwa ndi galimoto akuchokera kuntchito, iwo atangofika kumene kuno. Mapepala awo anali asanalongosoke, akanatuluka sakanabwereranso, ndiye anaikidwa iwo kulibe. Manda sanawaonepo. Ndi zimene ankandiuza tsiku ndi tsiku, manja athu akamakumana pakati pa bedishiti. Ankandiuza za mwana wawo, ine n'kumagwedeza mutu kuti zoona achemwali, ndi mmene alili amuna.

Mayo ine. Ndinafuna kunena mawu amene Angerezi amanena pa maliro, ndinawaphunzitsa ndekha mawuwo, ali m'kope lawo. Sanabwere. Kwathu uthenga wa maliro ukakupeza, ngakhale utachedwa zaka, sulankhula zambiri. Umakhala pansi n'kulira ndi mwini wake. Ndinatsika pabenchi, n'kukhala pasimenti yozizira ija, miyendo nditatambasula, manja kumutu, ndipo ndinalira maliro mmene timalirira ku Balaka, mokweza, mopanda manyazi. “Mwana wa achemwali anga ine! Wapita osatsazika mayi ako ine!” Mnyamatayo sindinamuonepo nkhope, dzina lake ndinalimva tsiku lomwelo, koma ndinamulira ngati wobadwa m'nyumba mwathu. Achemwali poyamba anadzidzimuka, n'kuyang'ana uku ndi uku. Kenaka anatsika nawonso pabenchi, n'kukhala pambali panga, mutu paphewa langa, ndipo analira m'Chisipanishi.

Sitima ina inafika, anthu anatsika, n'kumatilambalala maso ali kumbali monga amachitira kuno. Patapita kanthawi kunabwera bambo wogwira ntchito pasiteshonipo, wa jekete yowala, n'kuwerama mwaulemu. Anafunsa ngati wina wavulala, ngati aitane ambulansi. Ine mamina ndi misozi zinali mbwee. Anayankha ndi achemwali. Anapukuta nkhope ndi mkono, n'kumuyang'ana bamboyo m'maso.

“Thank you, we don't need anything. My sister is crying for my son.”

Anati zikomo, sitikufuna kanthu, mchemwali wangayu akulira mwana wanga. Ndili m'kati molira, khutu la uphunzitsi linamva chiganizo chonsecho. Panalibe liwu ndi limodzi lomwe loti ndikonze.